Osaka timbale ta mono ta a Beatles sakupenga ayi

Pa 2 Novembala 2023 padatuluka nyimbo yomwe eni ake adati ndi yotsiriza ya a Beatles, ndipo pa mbale yomweyo adaphatikizapo "Love Me Do", nyimbo yomwe anyamata anayi a ku Liverpool aja adayambira mu 1962. Koma nyimbo yakaleyi siidabwere monga momwe anthu adaimvera poyamba. Akatswiri a kampani ya Peter Jackson ku New Zealand adailowetsa m'kompyuta yophunzitsidwa kusiyanitsa mawu a munthu ndi kulira kwa gitala, kulira kwa gitala ndi kwa ng'oma, kenako Giles Martin, mwana wa George Martin yemwe ankajambula gululi, adaisakaniza mwatsopano kuti imveke m'sitiriyo. Patangotha sabata, nyimbo zina zambiri za m'zaka zoyambirira zidatulukanso zitakonzedwa mwa njira yomweyo. Kuchokera apo okonda nyimbozi sakumwerana madzi. Ena akuti mono yatha ntchito, ndipo munthu amene akuzungulirabe m'misika ya zinthu zakale ku London kapena ku Manchester kusaka timbale ting'onoting'ono ta m'ma 1960 akungomwaza ndalama chifukwa cholephera kusiyana ndi unyamata wake. Ine ndili mbali inayo, ndipo ndineneretu poyera: osonkhanitsa timbale ta mono ali ndi mfundo yolimba. Kambale koyambako ndiko kali ndi nyimbo monga momwe eni ake adaimalizira ndi kuivomereza. Zobwera pambuyo, kaya zikome chotani, ndi ntchito ya manja ena ndi makutu a nthawi ina.

Tiyambe tamvana kaye za chinthu chomwe tikukanganiranachi. Mu mono, mawu a oimba, magitala, besi ndi ng'oma amasakanizidwa kukhala njira imodzi, moti ngakhale mutakhala ndi masipika khumi, onse atulutsa zofanana. Mu sitiriyo njira zimakhala ziwiri, ya kumanzere ndi ya kumanja. Mbale za sitiriyo zidayamba kugulitsidwa cha mu 1958, koma ku Britain zidatenga zaka zambiri kuti zifike m'nyumba za anthu wamba. Mnyamata kapena mtsikana wa mu 1963 ankamvera nyimbo pa kagalamafoni ka Dansette ka sipika imodzi, pa kawailesi ka m'manja kogwira Radio Luxembourg usiku, kapena pa makina oponya ndalama a m'malo omwera khofi. Zonsezi zinali mono. N'chifukwa chake mwa timbale 22 tomwe a Beatles adatulutsa ku Britain pakati pa 1962 ndi 1970, timbale 19 toyambirira tonse tidali ta mono, ndipo ka sitiriyo koyamba kadatuluka mu Meyi 1969, gululo lili pafupi kutha. Choncho munthu akanena za nyimbo zomwe zidagwedeza achinyamata a dziko lonse m'zaka zija, akunena za mono, kaya iyeyo akudziwa kaya ayi.

Otsutsa amayamba ndi makutu, ndipo mfundo yawo siyopepuka. Amati sitiriyo ya 2023 imamveka bwino kuposa chilichonse chakale: besi ya Paul McCartney ikumveka poyera, ng'oma za Ringo Starr zili ndi mphamvu, ndipo mawu a oimba ali pakati pomwe khutu la lero limawayembekezera. Amawonjezera kuti McCartney, Starr ndi mabanja a John Lennon ndi George Harrison adavomereza ntchitoyi, ndiye wakunja ndani woti akane? Pali pomwe ndikugwirizana nawo. Sitiriyo yakale ya zimbale ziwiri zoyambirira inali yosautsadi, chifukwa nyimbozo zidajambulidwa pa tepi ya njira ziwiri zokha, ndiye oimba adaponyedwa mbali imodzi, zida mbali ina. Aliyense amene adagawanapo ma hedifoni ndi mnzake m'basi, wina khutu ili wina khutu ilo, akudziwa chomwe chimachitika: mmodzi amamva anthu akuimba popanda zida, winayo amamva zida popanda oimba. Poyerekeza ndi zimenezo, ntchito ya Giles Martin ndi yabwino kwabasi. Koma apa pali chinyengo chobisika. Otsutsawa akuyerekeza sitiriyo yatsopano ndi sitiriyo yakale, pomwe sitiriyo yakaleyo siinali yomwe oimba eni ake ankasamala nayo. Ndi mbiri yodziwika kuti mpaka cha mu 1967 a Beatles ankakhalapo posakaniza mono ku situdiyo ya EMI, kampani yomwe inkatulutsa mbale zawo, pa Abbey Road, kukangana za kukweza ichi ndi kutsitsa icho, koma sitiriyo kawirikawiri ankaisiyira George Martin ndi amisiri ake kuti aipange pambuyo, m'masiku ochepa. Mpikisano weniweni uli pakati pa sitiriyo ya 2023 ndi mono ya nthawiyo.

Tsono pa mpikisano umenewo, funso silakuti imveka poyera kwambiri ndi iti. Kusakaniza ndi gawo la kupeka nyimbo. Kuti zida zinayi ndi mawu atatu zidutse pa sipika imodzi osaphimbana, pamafunika kusankha chomwe chitsogole ndi chomwe chibisale kumbuyo, ndipo kupanikizana kumeneko ndiko kumapatsa nyimbo zija nkhonya yake. Taonani zomwe zidachitika mu 1966 ndi "Paperback Writer". Oimbawo adali atadandaula kuti besi ya pa mbale za ku America imagunda kwambiri kuposa yawo. Amisiri a EMI, kuphatikizapo Geoff Emerick, adatembenuza sipika kuti igwire ntchito ngati maikolofoni pojambula besi, ndipo pocheka mbaleyo adagwiritsa ntchito makina atsopano olola kuti mawu akhale okwera popanda singano kudumpha. Khama lonselo adalichitira kambale ka mainchesi 7 kozungulira ka 45 pa mphindi. Munthu amene ali ndi kambale ka mu Juni 1966 ali ndi chotsatira chenicheni cha khama lija. Zili ngati chithunzi cha agogo chojambulidwa kalekale, chakuda ndi choyera: foni ya lero ingachipake mitundu, ndipo adzukulu angachikonde, koma mtundu wa diresi womwe foni yasankha ndi wongoganizira, ndipo palibe banja lanzeru lomwe lingataye chithunzi choyambacho chifukwa chatsopano chawala. Za chivomerezo cha McCartney ndi Starr ndimazilemekeza, koma munthu wa zaka zopitirira 80 kuvomereza kukonzanso ntchito yake sikufafaniza zomwe iye yemweyo adasankha ali ndi zaka 20 ndi kanthu. Komanso awiri mwa anayiwo, pamodzi ndi George Martin yemwe adamwalira mu 2016, kulibe woti angawafunse.

Pali kadandaulo kena kokhudza makutu komwe ndingokadutsa mwachangu, koti timbale takale timathetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto. Tambiri timaterodi, chifukwa tidaseweredwa ndi singano zobuntha kwa zaka. Koma kambale ka mono kakatsukidwa bwino n'kuseweredwa ndi singano ya mono, kapena pa makina omwe ali ndi batani lophatikiza njira ziwiri kukhala imodzi, phokoso lambiri limachepa, popeza nyimbo ya mono imagwedeza singano chammbali pomwe zokanda zambiri zimaigwedeza chokwera ndi chotsika. Osonkhanitsa enieni amadziwa zimenezi.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndiyo yovuta kwambiri, ndipo ndiyofunika kuikhalira pansi. Amati: chabwino, tavomera kuti mono ndiyofunika, koma kampani idaitulutsanso kale. Mu 2009 padatuluka bokosi la ma CD a mono, mu 2014 mbale za mono zochekedwa kuchokera ku matepi oyambirira, ndipo mu 2019 bokosi la timbale ting'onoting'ono. Nanga kufunafuna kambale kokandikakandika ka mu 1962 n'kwa chiyani, pomwe katsopano kaukhondo kalipo? Yankho langa lili m'mbiri ya "Love Me Do" yomweyo. Nyimboyi idajambulidwa pa 4 Seputembala 1962 Ringo Starr ali pa ng'oma, kenako idajambulidwanso pa 11 Seputembala ndi woimba ng'oma waganyu, Andy White, Ringo atapatsidwa tambolini. Timbale toyamba ta Parlophone, nthambi ya EMI, ta nambala R 4949 ndi chizindikiro chofiira, tomwe tidatuluka pa 5 Okutobala, tidali ndi ng'oma za Ringo. Pa chimbale chachikulu cha 1963 padaikidwa ya Andy White, ndipo tepi ya Ringo ija EMI siidaisunge. Patapita zaka, kampani itafuna kutulutsanso nyimbo yoyamba yeniyeni ya gulu lake lalikulu koposa, idapeza kuti m'nkhokwe zake mulibe tepi. Idachita kukopera mawu kuchokera pa kambale ka 45, ndipo kope lomveka bwino lomwe lidadzakhala gwero la kampaniyo lidachokera kwa munthu wosonkhanitsa timbale. Izi zikutanthauza kuti ngakhale sitiriyo yowala ya 2023 yomwe otsutsa akunyadira idamera pa kambale kakale komwe wina adakasunga mosamala. Kunyoza wosunga kwinaku ukudya zomwe adasunga si chilungamo.

Nkhaniyi ili ndi mchira. Mu 2012, pokumbukira zaka 50 chitulukire nyimboyi, EMI idakonza kambale kofanana ndi koyambako, koma idaikapo ya Andy White molakwitsa, ndipo idachita kubweza katundu yense n'kuchekanso. Ngati kampani yomwe ili ndi nkhokwe, akatswiri ndi ndalama ingasokoneze nyimbo yoyamba ya a Beatles pa chaka chake cha 50, ndani angatiuze kuti chomwe tikumva pa Spotify kapena pa YouTube ndi chomwe chidatuluka kalelo? Muyeso wake ndi kambale koyambako. Ndipo si nyimbo imodzi yokha yomwe ili ndi vuto lotere: matepi omwe adajambulirapo "She Loves You" mu 1963 nawonso kulibe, n'chifukwa chake kwa zaka 60 padalibe sitiriyo yake yeniyeni. Kuwonjezera apo, nyimbo ya pa intaneti si yanu. Kuyambira pomwe a Beatles adalowa m'makina omvera nyimbo pa intaneti mu Disembala 2015, gawo lalikulu la zomwe zilimo ndi za sitiriyo, ndipo kampani ndiyo imasankha chomwe chiyambe kuonekera mukalemba dzina la nyimbo. Mawa ikhoza kuchotsa chakale n'kusiya chatsopano popanda kukufunsani. Mabokosi a 2009 ndi 2014 aja adatha m'masitolo, ndipo kwa zaka zingapo nawonso adasanduka katundu wosakidwa. Kambale komwe kali pa shelefu ya munthu ku Leeds palibe angakasinthe usiku.

Apa ena amabwera ndi mfundo yachitatu, yoti kusunga mbiri ndi ntchito ya mabungwe monga British Library, osati ya anthu m'zipinda zawo zogona, momwe katundu angawonongeke ndi chinyezi kapena kutayidwa ndi ana mwini wake akamwalira. Ngoziyi ndi yeniyeni, ndipo ntchito ya mabungwewa ndi yaikulu. Komabe mbiri ikuonetsa kuti nkhokwe imodzi yaikulu nayonso imataya, ndipo ikataya imataya zambiri nthawi imodzi. BBC idafufuta matepi ambirimbiri a m'ma 1960 kuti iwagwiritsenso ntchito, kuphatikizapo a pulogalamu ya Top of the Pops ya mu Juni 1966 pomwe a Beatles adafika okha m'situdiyo. Tizidutswa tomwe tidapezeka mu 2019 tidachokera kwa anthu wamba omwe adali ndi filimu yojambulidwa kunyumba. Ku America, moto wa pa 1 Juni 2008 ku Universal Studios udapsereza matepi oyambirira ochuluka zedi a oimba osiyanasiyana, ndipo kukula kwa chiwonongekocho kudadziwika bwino patatha zaka 11. Nyimbo yomwe ili m'manja mwa anthu zikwi, ku Liverpool, ku Tokyo, ku Johannesburg, moto umodzi sungaithe. Ife a kuno sitifunika kuuzidwa zimenezi. Nyimbo za Zamrock, zomwe ndi rock ya ku Zambia, za m'ma 1970, za magulu ngati WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, omwe oimba ake ambiri adakula akumvera magulu a ku Britain omwewa, zidatsala pang'ono kuiwalika fakitale ya mbale ya Teal ku Ndola itasiya kucheka. Anthu osaka mbale zakale ndiwo adathandiza kwambiri kuti dziko lizimvenso, mpaka WITCH idayambanso kuyenda m'maiko ndi Jagari Chanda patsogolo.

Chotsala ndi ndalama, ndipo apa ndi pomwe otsutsa amakweza mawu. Amati awa ndi masewera a olemera, oti munthu alipire mapaundi zikwizikwi chifukwa cha kapepala ka pakati pa mbale, osati chifukwa cha nyimbo. Amatchula timbale pafupifupi 250 ta "Love Me Do" tomwe tidatumizidwa kwa aulutsi ndi atolankhani, pomwe dzina la McCartney lidalembedwa molakwika kuti McArtney, kapena ka "Please Please Me" ka ku America ka kampani ya Vee-Jay ka mu 1963 komwe dzina la gulu lili ndi ma t awiri. Amati nyimbo yake ndi yomweyo, ndiye mtengo wonsewo ndi wa cholakwa cha wotayipa. Sindikana kuti pamwamba pa msikawu pali anthu omwe amagula ngati akugula golide, komanso pali akathyali opanga timbale tabodza. Koma pamwambapo si msika wonse. "She Loves You" idagulidwa kuposa miliyoni imodzi ku Britain kokha, ndipo ndiyo idagulidwa koposa nyimbo ina iliyonse m'dzikolo m'zaka za m'ma 1960. Timbale take tidakali mbwee m'masitolo a zachifundo ndi m'misika ya Loweruka, pa mtengo wa mapaundi ochepa. Wophunzira wa ndalama zochepa angathe kusonkhanitsa timbale tambiri mwa 19 tija pang'onopang'ono. Za akathyali, amene amawagwira si apolisi kapena kampani ayi, koma osonkhanitsa omwewa, omwe amadziwa kulemera kwa mbale yeniyeni, kalembedwe ka zilembo zake ndi manambala okandidwa pafupi ndi pakati.

Ndipo tizinthu ting'onoting'ono tomwe otsutsa amaseka tili ndi mbiri mkati mwake. Chizindikiro chofiira cha Parlophone chidasinthidwa kukhala chakuda kumayambiriro kwa 1963, choncho mtundu wokha umakuuzani ngati kambaleko kadagulidwa gululo lisanatchuke, pomwe nyimbo yawo yoyamba idangofika pa nambala 17. Tizilembo ta pafupi ndi pakati timaonetsa chidindo chomwe chidaumba mbaleyo ku fakitale ya EMI ku Hayes, ndipo chidindo choyambirira nthawi zambiri chimatulutsa mawu akuthwa kuposa chotopa. Timbale tina tidaumbidwa ndi makampani opikisana nawo monga Decca, Pye ndi Oriole, chifukwa anthu ankafuna nyimbozi kuposa momwe fakitale ya Hayes ikadakwanitsira. Umenewu ndi umboni wogwirika ndi manja wa kukula kwa chimkokomo chija. Chomwe chimandigwira mtima kwambiri ndi mbale za ku India. Kumeneko nyimbo za a Beatles zidaumbidwa pa mbale zolemera zozungulira ka 78 pa mphindi, mtundu womwe ku Britain udali utasiyidwa kale, chifukwa nyumba zambiri zidalibe magetsi ndipo anthu ankagwiritsa ntchito magalamafoni opukusa ndi dzanja. Mbale imodzi yotereyi ikunena za magetsi, za umphawi, za malonda a kampani ya ku Britain m'dziko lomwe kale lidali pansi pa ulamuliro wake, ndi za njala ya achinyamata yofuna kumva zomwe anzawo akumva kutsidya kwa nyanja. Ku South Africa nako, komwe wailesi ya boma ya SABC idaletsa nyimbo za gululi kuyambira 1966 chifukwa cha mawu a Lennon okhudza Yesu, kambale ka m'nyumba kadali njira yomwe munthu ankamvera zomwe wailesi yakana. Fayilo ya pa foni ilibe zonsezi.

Komabe ndili ndi malire, ndipo ndiwatchule kuti osonkhanitsa asayese kuti ndawapatsa ufulu wonse. Amene ndikumuikira kumbuyo ndi munthu yemwe amasewera timbale take, amalola ena kumva, amalemba zomwe wapeza m'makaundula monga Discogs, ndipo akapemphedwa kubwereka kuti mawu akopedwe sakana. Wotsekera kambale m'bokosi la ku banki, kudikira kuti mtengo ukwere, ameneyo otsutsa akumunena zoona. Chitsanzo chabwino adachionetsa McCartney mwiniwake. Mu 1958 iye, Lennon, Harrison ndi anzawo awiri, akudzitcha The Quarrymen, adasonkherana mashilingi 17 ndi mapeni 6 n'kujambula nyimbo ziwiri m'kasitudiyo ka m'nyumba ya Percy Phillips ku Liverpool. Padatuluka mbale imodzi yokha, yomwe ankabwerekana, mpaka idakhazikika kwa woimba piyano wawo kwa zaka zopitirira 20. McCartney adaigula mu 1981. Akadatha kuibisa, popeza ndi imodzi mwa mbale za mtengo wapatali koposa padziko lonse, koma adapereka kwa amisiri kuti akonze mawu ake, ndipo mu 1995 nyimbo zonse ziwiri zidatulutsidwa kuti aliyense amve.

Pempho langa lalikulu likupita kwa Apple Corps ndi Universal, omwe ndiwo ali ndi ulamuliro pa nyimbozi lero. Apitirize kukonza za sitiriyo ngati akufuna, ndipo achinyamata ambiri adzadziwira gululi kudzera mwa izo. Koma nyimbo zonse za pa timbale 19 ta mono, za kumaso ndi za kuseri komwe, aziike pa intaneti pambali pa zatsopanozo, zolembedwa bwino chaka chake ndi tsiku lomwe zidasakanizidwa, kuti womvera ku Lilongwe kapena ku Chipata, yemwe sadzaponda msika wa timbale ku London, athe kumva zonse ziwiri n'kudzisankhira yekha.